Zoona miyala imameza mpweya woipa?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wa giredi 11 wabwera kusukulu nkumati miyala nayo imameza mpweya uja ukutenthetsa dziko, ine ndimadziwa mitengo chabe. Akutinso zoyera zimene zimamatira mu ketulo yanga ndi mwala, sakundinamiza ameneyu? Amake Chisomo, Chawama

YANKHO: Amake Chisomo mwanayo musamukalipire, wanena zoona ndithu, ndipo umboni wake mukuuponda tsiku ndi tsiku. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pamwala wa laimu, womwe uja azimayi amaswa m'mbali mwa msewu nkumagulitsa milumilu. Mwalawu unapangika pansi pa nyanja zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo ndipo mkati mwake mwadzaza kaboni, yemwe amapezeka mu mpweya uja ukutenthetsa dziko, ndiye kuti mpweya wakalekale unatsekeredwa mmenemo nkuuma gwa.

Zimayenda chonchi, mvula ikamagwa imatengako mpweya wa kaboni kumwambaku nkukhala yowawasa pang'ono, simungamve pa lilime ayi, koma imadya mwala mwakachetechete, zosungunukazo mitsinje imapita nazo kunyanja yamchere, kumeneko nkhono ndi tizilombo tina timaumbira zigoba, tizilomboti tikafa zigobazo zimaunjikana pansi mpaka kusanduka mwala. Madzi a m'zitsime ndi mabohoro athu amadutsa mu laimu yemweyu, nchifukwa chake ketulo imayera komanso sopo sachita thovu bwino. Kudyeka komweku kunasiya mapanga ndi ming'alu pansi pa tauni, ndiye zam'zimbudzi zokumba sizichedwa kukalowa m'madzi akumwa, a ku Kanyama ndi Misisi nkhani ya kolera akuidziwa bwino nyengo ya mvula.

Koma apa pokha mundimvetse, miyala ndi kamba. Ntchito yake ndi ya zaka masauzande ngakhale mamiliyoni pomwe ife tikufukiza lero lomwe. Pa mpweya umene anthu timatulutsa chaka chilichonse, nyanja zamchere zimameza pafupifupi kota, nkhalango ndi dothi zimamezanso kota kapena kuposerapo, wotsalawo umangokhala mmwambamu. Ndiye thumba lililonse la malasha lolowa mu Lusaka panjinga ndi mtengo wa mmiombo umene wasiya ntchito, izi zimandipweteka koma malaiti akathima nanenso mbaula ndimakoleza, ndisaname.

Ndipo timamasulanso zomwe miyala inamanga. Ku Chilanga kuli kampani ya simenti yomwe inakhazikitsidwa mu 1949, popanga simenti paliponse amaotcha laimu pamoto wofika madigiri 1,450 ndipo kaboni uja amathawa kubwerera kumwamba. Ku Iceland akuchita zotembenuza, amasungunula mpweyawo m'madzi nkuupopera pansi mumwala wakuda wa basalt, mtundu womwe uli pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo pasanathe zaka 2 umakhala wasanduka mwala.

Za ketuloyo, thiranimo viniga madzulo muisiye, muitaneko Chisomo adzaone, tithovu tomwe tizituluka ndi mpweya wa kaboni womwewo.