Flagyl sangachotse chotupa cha m'matumbo

Achemwali, pepani ndi matenda a bambo. Mwafunsa ngati n'zoona kuti khansa ya m'matumbo imayamba ndi tizilombo, komanso ngati mungangowagulira Flagyl m'malo mopita nawo ku Queens kukachitidwa opaleshoni. Chonde tsiku limene anakupatsanilo musaliphonye. Flagyl sangachotse chotupa.

Amene anakuuzani za tizilombo sananame kwenikweni. M'matumbo mwa aliyense muli mabakiteriya ankhaninkhani, ndipo ambiri ndi otithandiza. Amadya gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba ndi nandolo, ulusi wa bonongwe, n'kupanga butyrate, chakudya cha khoma la matumbo. Koma alipo ena oipa. Mu 2011 ofufuza a ku America ndi Canada anapeza kuti Fusobacterium nucleatum, amene malo ake ndi m'kamwa, amadzaza m'zotupa za khansayi kuposa m'mnofu wabwino woyandikana nazo. Mitundu ina ya mabakiteriya otchedwa E. coli imatulutsa poizoni wotchedwa colibactin amene amawononga DNA (malangizo amene amalamulira kakulidwe ka mnofu wa m'thupi), ndipo mu 2020 ku Netherlands anazindikira zipsera zake m'zotupa za odwala ena.

Vuto n'lakuti chotupa chikamera, chimakhala mnofu wa munthu mwiniwake umene ukukula mosalamulirika. Mukapha tizilombo, icho chimangopitiriza. Ndiye mankhwala ogula pagolosalewa amaseseratu ndi tizilombo tabwino tomwe, wodwala n'kuyamba kutsegula m'mimba ali wofooka kale.

Za chakudya, inu amene muli bwino musaunyoze mgaiwa. Pa kafukufuku wa mu 2015, anthu akuda a ku America anasinthana zakudya ndi anthu a kumudzi ku South Africa kwa masabata awiri okha, ndipo mwa amene anayamba kudya chimanga ndi nyemba butyrate anachuluka. Koma bambo musawaumirize zagagazi musanafunse adokotala, chifukwa ngati chotupa chapanikiza njira, zikhoza kuwatsekeratu.

Chimene chimandipweteka kuno ku Mangochi n'chakuti munthu akaona magazi m'chimbudzi amangoti ndi likodzo la kunyanja kapena kamwazi. Nthawi zambiri ndi zimenezodi, koma ngati wamwa mankhwala magazi osaleka, akuwonda, chimbudzi chasintha, abwerere kuchipatala akapemphe kuunikidwa m'matumbo. Inu ana awo ndi abale awo a bere limodzi muwauze adokotala kuti khansayi ilipo pamtundu, akuuzeni nthawi yoyezetsa.