Mlamba wathawa ndi mbedza: cholakwa ndi chingwe kapena mfundo?

Achimwene ena a ku Bwanje, ku Ntcheu, anditumizira imelo yodandaula. Akuti katatu konse mlamba wawathawa mbedza ili kukamwa, chonsecho chingwe cha nayiloni n'chatsopano. Funso lawo ndi loti kodi wogulitsa uja anawapatsa chingwe chabodza?

Achimwene, musanapite kukakangana ndi munthu pamsika, tayang'anani kaye nsonga ya chingwe chomwe chinatsala m'manja mwanu. Ngati yapotana ngati kamchira ka nkhumba, dziwani kuti chingwe sichinaduke ayi, mfundo ndiyo inapulumuka. Koma ngati ili yowongoka ndipo ikukhakhala mukaipapasa, ndiye kuti chingwecho chinapalidwa ndi mwala kapena timano ta mlamba, tomwe ndi tokhakhala ngati tupa. Ine ndikuganiza kuti yanuyo ndi ya kamchira.

Vuto ndi loti nayiloni ndi woterera. Mfundo yomwe timamangira mbuzi kapena thumba la mbatata pa Bembeke, pa nayiloni siigwira. Ngakhale mfundo wamba yongodzimanga yokha pakati pa chingwe imachifooketsa kwambiri, moti mukaiona dulani pomwepo.

Yomwe ndimadalira ine ndi ija azungu amati Palomar. Pindani chingwe pawiri, kutalika ngati chikhatho chanu, n'kulowetsa chopindacho pakabowo ka mbedza. Ndi chingwe chapawiricho mangani mfundo wamba imodzi, koma osakoka, mbedza izingolendewera pakati. Kumapeto kwatsala kakhwekhwe. Dutsitsani mbedza yonse m'kakhwekhwemo, kenako kokani mbali zonse ziwiri. Ubwino wake, pakabowo pamadutsa zingwe ziwiri, ndipo mutha kuimanga ngakhale kuli chisisira. Chenjerani chimodzi: zingwe ziwirizo zigone moyandikana, zisapingasane, chifukwa zikapingasana chimodzi chimacheka chinzake.

Kabowo kakakhala kakang'ono koti chapawiri sichingalowe, lowetsani chimodzi, muzunguze nsonga pa chingwe chachikulu maulendo 5 kapena 6, muibweze pakampata kali pafupi ndi mbedza, kenako muilowetsenso m'khwekhwe lomwe lapangikalo. Chingwe chikakhala chonenepa, maulendo 4 akwana.

Tsono apa ndi pomwe ambiri timalakwa: kukoka mfundo ili youma, mwa changu. Nayiloni akakhulana amatentha, ndipo pomwe patentha pamafooka ngakhale maso sakuona. Lavulirani malovu kaye, musachite manyazi, ndipo kokani pang'onopang'ono mpaka ikhale nganganga. Ine ndinaphunzira zimenezi ku nyanja, kumunsi kwa Mtakataka, kampango atandilanda mbedza yomaliza dzuwa lisanatuluke n'komwe. Mkulu wina yemwe ankasoka ukonde pamchenga anangotenga chingwe changa, kuyang'ana nsonga, n'kuseka. Sanayankhule kanthu, anangonyambita chingwe chake n'kumanga ine ndikuona.

Mukamanga, siyani kansonga kotalika ngati kambewu ka mpunga, ndipo dulani ndi lezala, mano asiyireni chimanga chowotcha. Kolani mbedza pa nthambi n'kukoka mwamphamvu musanaike nyongolotsi. Chingwe chosiyidwa padzuwa chimauma n'kuyamba kuthothoka, choncho chisungeni m'nyumba pamthunzi.

Mukagwira mlamba wamkulu, dulani kachigawo ka kufupi ndi mbedza mumangenso kachiwiri musanaponye. Ndipo pomuchotsa mbedza samalani minga ya m'mbali mwa mutu ija, imabaya zoopsa.