Za Maboneng, pitani koma masana

Achemwali, mwafunsa ngati Maboneng ndi malo oti munthu wobwera ku Joni kudzaoda katundu angatherepo tsiku limodzi lotsala basi isananyamuke. Ine ndakhalitsa kuno, ndipo alendo ochokera kumudzi ndawaperekezako kangapo. Pitani ndithu, koma zithunzi za pa Instagram zija zisakunamizeni kuti ndi dera lalikulu. Ndi timisewu towerengeka kum'mawa kwa tauni, makamaka Fox Street ndi Main Street. Mukangopitirira pang'ono mwalowa mkati mwa Jeppestown, ndipo kumeneko ndi nkhani ina.

Kale kunali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Makampani atasamukira ku Sandton ndi madera ena a kumpoto m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, nyumba zambiri zinangotsala pululu. Cha m'ma 2009 Jonathan Liebmann ndi kampani yake ya Propertuity anayamba kuzigula n'kumazikonza, ndipo derali analipatsa dzina la Chisutu lotanthauza malo a kuwala.

Yambirani pa Arts on Main, pomwe zonse zinayambira. Ndi nyumba ya 1911, ya njerwa zofiira, ndipo zitsulo zake zakale sanazibise ndi pulasitala. Pakati pali bwalo la mitengo ya olivi. William Kentridge, katswiri wojambula wa dziko lino, ali ndi situdiyo momwemo. Ine chimene chinandigwira mtima si zopachikidwa pakhoma ayi. Ndinapeza mnyamata wina akudinda zithunzi pa makina opukusa ndi manja. Amapaka inki pa chitsulo chosemedwa, n'kupukuta ndi kansalu mpaka inkiyo itatsala m'mizere mokha, kenako n'kuyalapo pepala lonyowa pang'ono. Atapukusa chiwilo n'kusenda pepalalo pakona, nkhope ya gogo wina inatulukira ndi makwinya ake onse. Ndinaima pamenepo mpaka tiyi wanga anazizira.

Mukatuluka, funsani njira ya ku chithunzi chachikulu cha Mandela akuponya nkhonya ali mnyamata, chojambulidwa pakhoma la nyumba yansanjika. Pa Fox Street anyamata a makamera adzakuthamangirani. Amajambula bwino kwabasi ndipo amakutumizirani pa WhatsApp pompo, koma gwirizanani mtengo wa chithunzi chimodzi asanayambe. Mlamu wanga anangoti "jambulani", anamuwaza zithunzi zambirimbiri, ndiye inali ntchito kuti timvane.

Tsono ndikuuzeni chilungamo. Maboneng ya lero si ya zaka khumi zapitazo. Propertuity inagwa mu 2018, nyumba zake zambiri zinagulitsidwa pa okushoni, kenako Covid inamalizitsa. Ngakhale nyumba ya kanema ya Bioscope inasamukira ku 44 Stanley, malo a mashopu cha ku Milpark. M'malo mwake mwadzaza mabala, ndipo kukamada Loweruka kumakhala nyimbo za amapiano zokhazokha ndi magalimoto othinana. Ngati mukufuna phokoso mwafika, koma ngati mukufuna kuona anthu aluso ali pantchito, onjezerani Victoria Yards ku Lorentzville, kufupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park. Nakonso kunali mafakitale, koma pano pakati pa mashedi anadzalapo ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso, ndipo osoka, oumba ndi opanga zagalasi amagwira ntchito zitseko zili zotsekula. Lamulungu loyamba la mwezi kumakhala msika. Kwa ine kumeneko ndiye kokoma.

Pa zakudya, m'malesitilanti a pa Fox Street mitengo yake ndi ya alendo. Ine ndimatsikira ku Kwa Mai Mai, msika wakale wa asing'anga womwe uli m'munsi mwa msewu waukulu, pafupi pomwepo. Kuli mizu, zikopa, mikanda, nsapato za matayala, ngakhale mabokosi a maliro. Nyama amaotcha mukuona n'kukupatsirani pa thabwa, pamodzi ndi pap wawo wouma uja, tomato, tsabola ndi kamulu ka mchere pambali. Nsima yathu sangaifike, koma mudzanyambita zala. Musajambule asing'anga musanapemphe.

Za chitetezo musazitenge mwachibwana. Ku Jeppestown kunachitika zipolowe zolimbana ndi anthu obwera mu 2015 ndi mu 2019, ndipo anthu ambiri a m'mahositelo ozungulira Maboneng sanapindule kwenikweni ndi kukongola kwake. Choncho kuchoka ku Park Station musayende wapansi, itanani Uber kapena Bolt akutsitseni pa Fox Street penipeni. Foni ikhale m'chikwama, ndalama za oda zitsale kogona, pasipoti yokha ndiyo musaisiye. Fikani cha m'ma 10 m'mawa, pofika 4 koloko muzikhala mukubwerera.

Ndipo ngati tsiku lanu lotsalalo ndi Lolemba, musavutike n'komwe. Tinapitako Lolemba ndi mlamu yemweyo ulendo wina, tinangojambulitsa pa zitseko zotseka.