Kodi nkhondo nayo ili ndi malamulo?

FUNSO: Akonzi, amalume anga anaduka mwendo mu 1994 ataponda bomba lokwirira pansi. Ankabwerera kwawo ku Angonia, m'dziko la Mozambique, nkhondo itatha kale. Aphunzitsi ena andiuza kuti pali malamulo oletsa zida zotere. Nkhondo si kuphana basi? Nanga malamulowo amawamvera ndani? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Malamulowo alipodi, ndipo ngozi zonga zomwe zinagwera amalume anu ndi zimene zinachititsa kuti alembedwe. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha mu 1992, koma bomba lija linakhalabe m'nthaka, kudikira phazi la aliyense: msilikali, mlimi, ngakhale mwana wokatola nkhuni. Mfundo yaikulu ya malamulowa ndi yakuti chida chosasiyanitsa msilikali ndi munthu wamba, kapena chozunza mopitirira muyeso, chisagwiritsidwe ntchito. N'chifukwa chake mpweya wa poizoni unaletsedwa pa pangano la ku Geneva mu 1925.

Pangano lokhudza mabomba opondedwa ndi anthu linasainidwa ku Ottawa, m'dziko la Canada, mu Disembala 1997, n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Marichi 1999. Limaletsa kupanga, kusunga, kugulitsa ndi kukwirira mabombawa, komanso limalamula dziko lililonse kuzula omwe ali m'nthaka yake. Malawi ndi Mozambique ali m'panganoli, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko olivomereza unachitikira ku Maputo.

Funso lanu lachiwiri ndiye limandisowetsa mtendere. America, Russia ndi China sanasaine. Mu 2025 Poland, Finland, Lithuania, Latvia ndi Estonia analengeza zotulukamo poopa Russia, ndipo ine ndikuona kuti analakwitsa, chifukwa odzaponda mabombawo ndi adzukulu awo omwe.

Komabe sindinganene kuti panganoli ndi pepala chabe. Ku Mozambique anthu anagwada m'minda zaka zoposa 20, kufukula pang'onopang'ono, mpaka mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Ngakhale abwampini anathandiza! Bungwe la APOPO limawaphunzitsa ku Morogoro, ku Tanzania, kununkhiza wonga wa bomba, ndipo poti ndi opepuka, akaliponda siliphulika.

Tamvetsani mawu oti "odziwika". Achibale anu akaona chitsulo chachilendo polima cha kumalire, asachigwire, asachiponye pamoto. Abwerere momwe anadzera, akauze amfumu ndi apolisi.