Kulumikiza laini ya E1 pa PBX: yankho kwa wophunzira wa ku Moatize

Mnyamata amene akuphunzira ntchito pa kampani ina ku Moatize watilembera kuti: "Andiuza kuti sabata yamawa ndithandize kulumikiza laini ya E1 ku PBX ya mu ofesi, koma kusukulu tinangoiona pabolodi. Ndiyambire pati, ndipo luso limeneli lingadzandipezetse ntchito?"

Achimwene, musanagwire waya, pemphani kampani ya mafoni yobweretsa lainiyo ikulembereni mmene yakonzera mbali yake. E1 ndi laini ya digito yonyamula mafoni ambiri nthawi imodzi, PBX ndi makina ogawa mafoni m'madesiki a mu ofesi, ndipo lainiyo imayenda pokhapokha mbali ziwirizi, ya kampaniyo ndi ya PBX yanu, zikagwirizana pa makonzedwe.

Laini imodzi imanyamula 2.048 Mbps, yogawidwa m'timipata 32 ta 64 kbps. Kampata 0 kamasunga dongosolo la framing (kusonyeza pomwe mzere wa timipatato ukuyambira), ka 16 ndi ka signalling (mauthenga oyambitsa ndi kudula foni), 30 totsalato ndi ta mawu, ndiye kuti anthu 30 angaimbe nthawi imodzi. Buku likamanena za timipata 24 ndi mu-law, likukamba T1 ya ku America. Kuno sankhani E1 ndi A-law (mu-law ndi A-law ndi njira zosinthira mawu kukhala digito).

Yambani ndi waya. Pali coaxial wa 75 ohm wa mitu ya BNC, ndi wopota wa 120 ohm wa RJ48, pomwe mapini 1 ndi 2 amalandira, 4 ndi 5 amatumiza. Mbali ziwirizi zikasiyana mtundu wa waya, ikani pakati balun, kachipangizo kolumikiza mitundu iwiriyi. Nyali yofiira ya LOS, yosonyeza kuti siginolo siikufika, ikayaka, kawirikawiri wotumiza wakumana ndi wotumiza mnzake, sinthanitsani mawayawo. Waya wa crossover wa makompyuta musauyese, chifukwa umapingasa mapini ena.

Kenako ikani line code, kayendedwe ka siginolo pa waya, pa HDB3, ndipo CRC4, yofufuza zolakwika pa laini, muiyatse kapena kuizimitsa molingana ndi pepala lija.

Pa clock, chowerengera nthawi chimene mbali zonse ziyenera kuyendera limodzi, m'pamene timafuna musamale kwambiri, chifukwa cholakwacho chimabisala. PBX yanu itenge clock kuchokera pa laini ya kampani ya mafoni, osati yake ya m'kati. Mukalakwitsa, nyali zonse zikhala zobiriwira, mafoni azilira bwinobwino, koma oyankhula azimva "thi, thi" m'khutu ndipo fakisi izidukira panjira. Onani kauntala ya slips, yowerenga kangati mbali ziwirizi zaphonyana pa nthawi: ikamakwera, clock ndiyo yavuta.

Signalling ikakhala ISDN, sankhani Euro ISDN, PBX ikhale user, kampaniyo network. Laini ikadzuka koma D-channel, kampata ka signalling kaja, ili gone, mwina nonse mwadziika mbali imodzi. Funsaninso manambala angati amene iwo azitumiza foni ikamalowa, kuti ifike pa desiki yoyenera.

Za ntchito tinene mosabisa: E1 yokha siikwanira, chifukwa makampani ambiri akusamukira ku SIP trunk, laini ya mafoni yodutsa pa intaneti. Ikani Asterisk, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ya PBX, pa kompyuta yakale, muphunzire IP ndi VLAN, ndi Chingelezi chowerengera mabuku a zipangizo. Mukafuna digiri, funsani za maphunziro a makompyuta ku Instituto Superior Politécnico de Tete, kapena a zamatelefoni ku ISUTC ku Maputo. Pofunsira ntchito ku Tmcel, Vodacom kapena Movitel, lembani pa CV yanu kuti munalumikizapo E1 ndi manja anu.