Za ESP32 yokana kuoneka mu Arduino IDE

Achimwene, mwati ESP32 yanu, ka board ka kampani ya Espressif, ikukana kuoneka mu Arduino IDE, pulogalamu yolembera code nkuitumiza pa board. Board imeneyo musaitaye, siinapse. Mu Boards Manager sakani esp32 ya Espressif, ikapanda kutuluka ikani link yawo pa Additional Boards Manager URLs mu Preferences. Port ikakhala yosaoneka, ndi driver ya CH340 kapena CP2102, apo ayi kebulo yanu ndi yotchajira foni basi. Izi nzochepa. Chomwe chandiwawa ndi chakuti mwati library (code yokonzedwa kale yoyendetsera chipangizo) ya module imene mukulumikiza ku ESP32 anakupatsani wogulitsa pa WhatsApp. Zip ngati imeneyo inandichititsa manyazi ine mu 2024.

Ndinapangira kagulu ka alimi a nsomba kumbali ya Malombe kachipangizo koyatsa pampu yolowetsa mpweya m'dziwe mbandakucha, nthawi imene nsomba zimabanika, komanso kuyeza kutentha kwa madzi ndi sensa ya DS18B20. Ka board koyendetsa mota ndinagula kwa mkulu wina wa ku Limbe, library yake anandipatsa mu zip, ati "izi ndi plug and play bwana". Kunyumba zinkagwira bwinobwino. Kutatsala pang'ono kukaonetsa, laputopu yanga inafa screen, ndinabwereka ya alamu anga nkuikamo zonse mwatsopano. Boards Manager imakupatsa version yatsopano, ndiye inandiikira core 3.0 (core ndi package ya esp32 ija ya Espressif).

Tsikulo tili pansi pa mtengo wa mango, dzuwa la Okutobala lija mukulidziwa, amayi ayala zitenje, amfumu apatsidwa mpando wapulasitiki. Wapampando akuti pampu iziyamba 4 koloko osati 5. Ine nkuti palibe vuto, ndi nambala imodzi. Kudina Upload. Pansi paja kutuluka zofiira: ledcSetup was not declared in this scope. Kudinanso, chimodzimodzi. Thukuta likudonthera pa keyboard ya eni ake, batire ikutha, mwana wina waima kumbuyo kwanga kuwerenga error mokweza ngati ali m'kalasi. Mayi msungichuma anangofunsa motsitsa kuti, "Ndiye ndalama ija yapita?" Mpaka lero mawu amenewo amandibwerera.

Ndinamuimbira wa ku Limbe uja pompo. Akuti "kwa ine zikugwira". Zikugwira kuti, pa shelefu? Ndinamutumizira screenshot, anaiwerenga, zii. Madzulo ndinapeza wandibloka. Nditatsegula zip yake, munalibe dzina la wolemba, munalibe version, ngakhale library.properties, anangokopera penapake nkusintha dzina la folder. Anthu oterewa amagulitsa chitsulo chokha, za code sadziwa kanthu, koma pakamwa ndi mainjiniya.

Vuto lenileni ndi lakuti mu core 3.0 a Espressif anachotsa ledcSetup ndi ledcAttachPin nkubweretsa ledcAttach imodzi, ndipo ledcWrite inayamba kufuna pin m'malo mwa channel. Iwo analengeza, ma library okhala ndi eni ake pa GitHub anakonzedwa. A Arduino sangakuthandizeni chifukwa si board yawo, a Espressif si library yawo, otsala ndinu ndi amfumu akukuyang'anani. Ndinabwezera core ku 2.0.17, mu Boards Manager momwemo muli posankha version, koma package ya ESP32 ndi ma MB mazanamazana, bundle ina inapita ndi netiweki ya kumudzi ija, ndipo ntchito inatha mawa lake anthu atabalalika kale.

Ndiye module iliyonse imene library yake siili mu Library Manager kapena pa GitHub, isiyeni, ngakhale itchipe bwanji. Ngakhale kunena zoona ineyo zotchipazo ndikugulabe, za original mtengo wake ndi kwacha yathuyi ndani angakwanitse, ndipo zip yomwe ija ndi imene ikuyendetsa pampu mpaka pano nditakonza mizere ingapo. Project ikagwira, lembani version ya core pamwamba pa sketch, folder ya Arduino15 ndi ya libraries muzikopere pa flash, ndipo IDE ikamakupemphani update muzikana. Kupatula ngati mukuyamba chatsopano, apo yambirani pa core 3 basi.

Musanalumikize onaninso voltage, ma pin a ESP32 ndi a 3.3V, module yambiri ya Uno imatulutsa 5V. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwa module ndi error yonse, osati kamzere kamodzi.