Mafunso Anu: Kukaonera Woyimba Wotsanzira Koyamba

FUNSO: Ndagula tikiti yokaonera woyimba wotsanzira Elvis Presley. Aka ndi koyamba. Anzanga akuti ndataya ndalama chifukwa anthu amenewa amangogwedeza milomo nyimbo ikulira m'makina. Kodi n'zoona? Nanga ndikonzekere bwanji? — Wokonda nyimbo zakale

YANKHO: Ndalama simunataye. Oyimba amenewa, omwe pamapositala amalembedwa kuti tribute, sabisa kuti si eni nyimbo, ndipo ambiri amayimbadi ndi pakamwa pawo. Ku Memphis, m'dziko la America, kuyambira 2007 kumachitika mpikisano wa Ultimate Elvis Tribute Artist Contest m'mwezi wa Ogasiti, pokumbukira imfa ya Elvis ya pa 16 Ogasiti 1977. Nalo gulu la The Australian Pink Floyd Show, lotsanzira bandi ya Pink Floyd, linafika poitanidwa kukayimba paphwando la David Gilmour, woyimba gitala wa Pink Floyd yeniyeniyo, atakwanitsa zaka 50 mu 1996.

Komabe anzanuwo sakunama kotheratu. Pali amene amabwera ndi bandi yathunthu, pali amene amayimba okha zida zikulira kuchokera pa kompyuta, ndiye palinso ochepa ogwedeza milomo aja. Funsani okonza zoimbaimbazo tsikulo lisanafike ngati kudzakhale bandi. Mukalowa m'holo, yang'anani maikolofoni. Woyimbadi akaitalikitsa pakamwa mawu amatsika, akaiyandikitsa mumamva ndi kupuma komwe. Tcheraninso khutu pothera nyimbo: bandi imamaliza ndi kugunda kumodzi, pomwe nyimbo yojambulidwa kale nthawi zina imangozirala pang'onopang'ono. Mukaona woyimba ng'oma atavala mahedifoni musaganize kuti ndi chinyengo. Amakhala akumvera kaphokoso komusungira liwiro kuti agwirizane ndi magetsi kapena zida zina zojambuliratu.

Pokhala m'pofunika kwambiri, ndipo apa m'pamene obwera koyamba amalakwitsa. Amathamangira mzere wakutsogolo. Kumeneko nkhope mudzaiona bwino, koma masipika akuluakulu amaloza pakati pa holo, choncho mawu a woyimba amakudutsani pamutu, inu n'kumangomva ng'oma ndi gitala. Kukhoma lakumbuyo nako besi (mawu a manzenene) imaunjikana, mawu n'kumabwerera. Fikani mphindi 30 kapena 45 zinthu zisanayambe, mupeze tebulo la wosakaniza mawu, mukhale chapafupi naye. Iyeyo amakonza zonse potengera zimene akumva pamene wakhalapo.

Nyimbo ziwiri kapena zitatu zoyambirira musaweruze nazo. Zida amaziyesa holo ili yopanda anthu, ndiye anthu akadzaza matupi ndi zovala zimamwa mawu ena, wosakaniza uja n'kuyamba kukonzanso. Mwinanso mudzamva ngati nyimbo ina yatsika kiyi pang'ono poyerekeza ndi imene munazolowera. Oyimba ambiri amaitsitsa dala kuti mmero upirire magawo awiri a mphindi 45 kapena ola limodzi, okhala ndi kupuma kwa mphindi 15 mpaka 20 pakati.

Nkhope ndiyo imakhumudwitsa ambiri. Wigi ndi suti yonyezimira sizingasinthe msinkhu wa munthu. Ife timati luso lenileni lili pa kakokedwe ka mawu, popumira, ndi mmene amalankhulira ndi anthu pakati pa nyimbo. Tsinzinani kwa kanthawi pa nyimbo yodekha, pomwe zida zachepa, mudzadziwa ngati munthuyo anaphunziradi.

Makutu anu asamaleni, chonde. Phokoso la m'zoimbaimba limafika madesibelo 100 (muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo pamlingo umenewo khutu limayamba kuvulala pakangotha mphindi pafupifupi 15. Tengani zotsekera m'makutu. Zopangidwira oyimba zimachepetsa madesibelo 15 mpaka 20 osasokoneza nyimbo, pomwe zasiponji zimabisa mawu okwera koma zimatetezabe. Makutu akamalirabe patatha masiku awiri, kapena khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga.

FUNSO: Kodi ndingajambule ndi foni n'kuika pa Facebook?

YANKHO: Werengani malamulo a patikiti, chifukwa maholo ena amaletsa. Ngati alola, zimitsani fulashi, mujambule mphindi imodzi foni ili pachifuwa kuti musatchinge akumbuyo. Dziwaninso kuti nyimbozo zili ndi eni ake, ndiye Facebook ikhoza kuzimitsa mawu a vidiyo yanu kapena kuichotsa.